Dzenje la Lute

Lute, tula kakhasuko pansi, ungadziteme chala. Bwera ukhale apa pafupi ndi mwendo wabwinowu, winawu usaukhudze, ukadali ndi bala. Ndakumva, mdzukulu wanga. Chitulukireni m'tchalitchi wandifunsa mpaka makutu anga atopa: "Ambuya, tikumba liti? Ambuya, dzenje langa lili kuti?" Ndinalonjeza ndine, sindikukana. Ndinakulonjeza pa maliro a ambuya ako aakazi, utandigwira thalauza, kuti ukadzabwera pa Khirisimasi udzakumba dzenje lako la masuku monga ankachitira amayi ako ali mwana. Koma khasu lisanagwire dothi, khalani pansi nonse mumve kumene maenjewa anachokera. Iwenso Dalitso, wamkulu iwe, ika foniyo m'thumba. Kuno netiweki imapezeka pachulu pokha, ndipo pachulupo pali njoka.

Ana inu mukandiona pakhonde pano mumayesa ndinamera pompano. Ayi, ine ndine wa kum'mawa. Ndinabwera ndi ntchito ya mseu, nthawi imene ankathira phula mseu waukulu uja mwadzera dzulo. Ndinali mnyamata wa tsitsi lakuda bii, mano onse ali m'kamwa, osati mipata mukuiwerengayi. Msasa wathu unali kufupi ndi madzi otentha ku Chinyunyu, ndipo atsikana a mtundu wa Chisoli ankabwera ndi malichero a masuku kudzagulitsa. Mmodzi wa iwo, wamfupi, wa pakamwa pakuthwa, anandimva ndikudzitama kuti kwathu masuku timawadziwa kuposa iwo, ndiye anandipatsa suku limodzi laulere. Linali losapsa. Ndinaluma pamaso pa anzanga onse, m'kamwa monse munauma gwa, lilime kukana kutembenuka, iye ali kikiki mpaka kugwira m'mimba. Ameneyo ndiye ambuya anu aakazi. Anzanga anapitirira ndi mseu wawo, ine ndinatsala.

Ndinakwatira chikamwini, monga mwa mwambo wa kuno: mwamuna ndiye amasamuka kukakhala kwa mkazi. Nyumba ndinamanga ndine, zitsa m'munda ndinazula ndine, nkhokwe ndinaluka ndine, koma nthaka ndi mitengo yake ndi za mtundu wa akazi. Pa unyamata zimenezi sizinkandiwawa mpang'ono pomwe. Ndinkadya n'kukhuta, apongozi ankandikonda, ndiye ndikanadandaula chiyani?

Tsopano yang'anani kuphiri uko, kumene mukuona dothi lofiira ndi mabala akuda. Konseko kunali misuku yokhayokha. Mbuzi ikalowamo unkaitsata ndi khutu, poti maso sankathandiza. Dzuwa la Okutobala likafika poswa mutu, masuku ankayamba kugwa, phu, phu, ndipo tinkalimbirana ndi anyani. Amayi ankatola m'madengu, ana ankabwerako mimba zitatupa, osafunanso chakudya cha madzulo. Koma Disembala akangoyamba, misuku yonse inkakhala itamaliza, kupatula umodzi wa m'mbali mwa khwawa, kumene mthunzi sunkachoka. Umenewo unkachedwa chaka ndi chaka, inzake itatha iwo n'kumayamba kumene. Ambuya anu anaupatsa dzina lakuti Waulesi, ati unatengera ine kadzukidwe. Bodza limenelo, ine dzuwa silinanditulukirepo ndili pamphasa, koma dzina linakhala.

Khirisimasi ya masiku amenewo sinali yotsika m'minibasi ngati yanuyi. Kuno kunalibe katchalitchi kaja mwapempheramo lero. Misa tinkakaimvera ku Mpanshya, ulendo wa pansi, kunyamuka dzulo lake m'mamawa. Amayi anu, Esinati, amene mukuwamva akulamula miphika kuseriko, ankakwera pamapewa panga atandigwira makutu. Mlongo wawo Bonifasi ankatsatira pambuyo, nsapato zili m'khosi, chifukwa nsapato zinali za pakhomo la tchalitchi, osati za matope. Tikapeza mtsinje wadzaza tinkakhala pansi kudikira madzi aphwe, tikukukuta chimanga chokazinga. Zovala za ana tinkasoketsa zazikulu dala kuti akuliremo, moti chaka china Bonifasi analowa m'tchalitchi atagwira kabudula ndi dzanja limodzi, ndipo pochita chizindikiro cha mtanda anaiwala. Sekani, nayenso ankaseka akakumbuka.

Tinkabwerako madzulo a tsiku lenilenilo miyendo itatupa, koma kutopa kunkathera pakhomo. Chaka chikakhala chabwino kunali mpunga wochokera kuchigwa, tambala wamkulu, inswa zokazinga, bowa amene tinkazula m'njira pobwera, ndi chibwantu, thobwa la kuno, chimene ambuya anu ankakonza ndi mizu ya munkoyo. Mwana aliyense ankalandira banzi limodzi loviika m'madzi a shuga. Mukukwinya nkhope bwanji? Inu mumadya buledi tsiku ndi tsiku mpaka kusiya makoko ake pambale. Kwa ife banzi linali la Khirisimasi, mwana ankalidya pang'onopang'ono n'kumayenda nalo kukaonetsa anzake. Wailesi m'mudzi muno inali imodzi, mabatire ake tinkawayanika padzuwa sabata yonse kuti adzalire pa tsikulo, ndipo akafooka pakati pa gule anyamata ankatulutsa banjo ya chitini n'kupitiriza. Ine ndinkavina, musandione ndodoyi.

Koma Khirisimasi imabwera nthawi yoipa, ana inu. Amene anaiika mu Disembala sankalima. Nkhokwe zimakhala zitayamba kuonetsa pansi, chimanga cha m'munda chikadali m'mawondo. Chaka china mvula inatinamiza, ndipo tinafika Disembala tikudya kamodzi patsiku. Mpunga panalibe, tambala tinasinthitsa ndi ufa, za banzi osanena. Esinati anali wamng'ono ngati iwe, Lute, ndiye ankangoimba za banzi lake m'mawa ndi madzulo. Ine ndinkathawira kumunda kuti ndisamve. Ambuya anu sanathawe. Anatenga dengu n'kutsikira kwa Waulesi, anathyola masuku okhwima koma osapsa, n'kubwera kudzakumba timaenje tiwiri pansi pa nkhokwe, pamene mvula sifika.

"Mukutani?" ndinawafunsa. "Masuku amavundika onse pamodzi, m'dzenje limodzi."

"Imwe a kum'mawa khalani zii," anatero osandiyang'ana n'komwe. "Mwana ukamupatsa m'manja, ni chakudya chabe. Akakumba yekha, ni mphatso."

Anayala masamba a msuku pansi, anaika masuku, masamba ena pamwamba, kenaka phulusa lofunda, kenaka dothi. Pa dzenje la Bonifasi anazika kamtengo ka mphanda, pa la Esinati anaika phale. Tsiku la Khirisimasi titabwerako ku Misa, anaitana anawo n'kuwauza kuti Mwana amene wabadwa lero anabadwira m'khola, sitolo alibe, choncho mphatso zake amasiya pansi, wofuna akumbe. Ndinaona Esinati akufukula ndi manja, dothi mpaka m'tsitsi, ndipo fungo litatuluka anakuwa moti nkhuku zinabalalika. Masuku anali atapsa bwino, ofewa, otsekemera ngati uchi. Za banzi sanatchulenso. Ine ndinazungulira kuseri kwa nyumba, chifukwa mwamuna salira pamaso pa apongozi ake.

Chaka chotsatira tinakolola, mpunga unabwerera, koma ana anakana kukhudza mbale asanakumbe. Ana a anansi nawonso anayamba kuvutitsa amayi awo, mpaka mudzi wonse unkadikira Waulesi. Ambuya anu ndiwo ankagawa, ndodo ili m'manja, kuti pasapezeke wothyola osakhwima, pakuti suku losakhwima ngakhale ulivundike bwanji silipsa, limangoda n'kuola. Pansi pa nkhokwe iliyonse pankakhala mzere wa zizindikiro: uyu nthenga, uyu chitsekero cha botolo, uyu fupa. Akamaliza kudya ankapikisana kulavula nthanga, ndipo wolavula patali ankayenda monyada mpaka chaka chatsopano. Mdani wamkulu anali nkhumba. Chaka china nkhumba ya aphunzitsi a katekisimu inafukula dzenje la Esinati n'kusiya makoko okha, ndipo amayi anuwa, amene lero amavala magalasi n'kumayankhula Chizungu pa foni, anaithamangitsa ndi mthiko mudzi wonse atavala diresi la Khirisimasi. Mukawafunse ngati ndikunama.

Kenaka kunabwera matenda aja anatha achinyamata. Sindifuna kukamba zambiri pa tsiku ngati lino. Bonifasi anapita ku Lusaka ndi miyendo yake, anabwerako atagonekedwa kumbuyo kwa lole. Mng'ono wawo wa ambuya anu nayenso anamwalira, n'kusiya kamnyamata, Shadreki, amene inu mumati amalume. Tinamutenga, pakuti mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Anafika ali chete, osaseka, osalira, maso okha. Khirisimasi yake yoyamba pano, ambuya anu anamukumbira dzenje lalikulu kuposa onse, pamalo pomwe panali pa Bonifasi, n'kuikapo chigoba cha nkhono. Atafukula anatenga suku loyamba n'kundipatsa ine, amvekere, "Batate, lawani." Tsiku limenelo ndi limene anayamba kunditchula atate. Ndinamuphunzitsa kugwira khasu, kusema mpini, kunola nkhwangwa.

Esinati atakwatiwa ku Lusaka ndipo inu mutayamba kubadwa, ambuya anu ankakukumbiraninso maenje chaka chilichonse, mubwere musabwere. Iwe Dalitso unakumbapo kamodzi, ukadali wa mamina m'mphuno, sungakumbuke. Zaka zina zonse kunkangobwera uthenga: ulendo wadula, ntchito yakana, tidzabwera pa Pasaka. Iwo ankamva, n'kuvomera, n'kukakumbabe. Tsiku la Khirisimasi ankakhala pomwe wakhala iwepo, maso kunjira, mpaka dzuwa kupendeka. Akaona kuti basi, ankaitana ana a m'mudzi, n'kumuuza wina kuti, "Lelo ndiwe Dalitso," wina, "Lelo ndiwe Lute." Sindikunena kuti ndikuchititseni manyazi, ulendo sunali m'manja mwanu. Ndikungoti mudziwe kuti pakhomo pano munkadyedwa masuku m'dzina lanu.

Malasha sanabwere ndi phokoso. Anayamba ndi thumba limodzi m'mbali mwa mseu, kenaka njinga, kenaka malole ochokera kwanuko. Anyamata anayamba ndi mitondo ndi miombo, misuku n'kumaisiya, chifukwa kudula mtengo wa zipatso chinali chinthu chamanyazi, munthu ankalozedwa chala. Mitondo itatha, bowa anatha nayo, vinkubala, mphalabungu zija, tinkangomva kuti kwina akudya, ndipo khwawa linayamba kuuma chisanu chisanathe. Ndiye kunabwera chilala chija munachimva ngakhale inu a m'tauni, pamene magetsi ankangozima. Kuno chimanga chinauma chili ndi ngayaye. Magetsi akazima kwanu, nkhwangwa zimalira kuno, ana inu, chifukwa aliyense kumeneko amafuna mbaula. Manyazi anatha chaka chimenecho. Misuku inagwa umodziumodzi, ndipo zibili, milu ija ya dothi imene amaotcheramo mitengo, zinkafuka paliponse mpaka maso kuwawa.

Ambuya anu, ali odwala kale, ankanyamula mphasa m'mawa kukakhala pansi pa Waulesi. Sankatukwana munthu. Ankangokhala, akusenda mtedza, n'kumapatsa moni aliyense wodutsa ndi nkhwangwa, kumutchula dzina lake ndi la amake, kenaka n'kumukumbutsa chizindikiro cha dzenje lake ali mwana. "Iwe sindiwe uja wa nthenga ya nkhanga? Wakula, mwana wanga." Mnyamata ankaweramitsa mutu n'kulowera kwina. Phiri lonse linayera, Waulesi anatsala yekha.

Atamwalira m'nyengo yozizira ija, ine ndinatenga mpando wanga n'kukakhala pomwepo. Ndinkati chimene anatha mkazi wodwala chingandikanike ine bwanji? Anyamata omwewo ankandipatsa moni waulemu ndithu, koma maso ali m'mwamba, akuyeza thunthu. Ine zizindikiro za maenje awo sindinkazikumbuka bwino, ndinkasokoneza wa fupa ndi wa botolo, ndipo ankangoseka. Tsiku lina anabwera Shadreki mwiniwake. Anagwada bwinobwino, chipewa chili m'manja.

"Batate, nabwela pa nkhani ya Waulesi."

"Watani Waulesi?"

"Muziba, batate. Kunyumba kulibe unga wa nsima. Bana bagona na manzi chabe. Feteleza nilibe, na mvula ili pafupi. Uyu mutengo weka ungachose masaka yambili ya malasha."

"Pamene unabwera pakhomo panga ulibe amako, unakumba chiyani pansi pa nkhokwe ija?"

"Nikumbukila, batate. Koma bana banga sibangadye vokumbukila."

Ndinapsa mtima, ndinamuuza mawu ena amene sindingabwereze pamaso panu. Mtima utatsika ndinamupempha, ine wamkulu kupempha mwana. Ndinatchula dzina lako, Lute. Ndinati, "Ungodikira Khirisimasi ipite, mwana wa mlongo wako akumbe kamodzi kokha. Ukatero udule, undidulire kumodzi ndi ine ngati ufuna." Anakanda pansi ndi kamtengo. Kenaka anati, "Namvela, batate," n'kunyamuka. Kumva si kuvomera, koma ine ndinatenga ngati wavomera.

Mvula ikakuona litsiro siikata. Mwezi wa Novembala chitsa chinandibaya mwendo uwu pochokera kumtengo komweko, bala linatupa mpaka kuntchafu, ndipo anandinyamula pa njinga kupita kuchipatala ku Mpanshya. Wokankha njingayo anali Shadreki yemweyo, thukuta lili chuchuchu, akundilimbitsa mtima njira yonse, pokwera zitunda n'kumandibereka. Ndinagona kumeneko masabata. Anzanga a m'chipindamo ankadandaula za mbewu zawo, ine maganizo anali pa masuku, kuti kaya tsopano akula bwanji, kaya anyani sakuwagwetsa.

Tsiku lotuluka sindinalowe m'nyumba. Ndinatsikira kukhwawa ndi ndodo yanga, ndipo ndisanafike ndinaona kuwala pamalo pamene sipanawalepo chibwerere ine kuno. Chitsa chinali chofiira, chikadali chonyowa. Thunthu anali ataliduladula kale n'kuliunjika, dothi akuthira. Nthambi zinali mbwee pansi, zodzaza ndi masuku aawisi, aang'ono, olimba ngati miyala. Shadreki atandiona anaika fosholo pansi.

"Unandikankha pa njinga ukudziwa kuti uchita izi?" ndinamufunsa.

Anayankha ndi mkazi wake, amene anali atasenza udzu wofolerera chibili. "Bapongozi, musativutise. Waulesi enze pa nthaka ya bamake Shadreki. Imwe muli na kwanu."

"Iwe, nkhala zii!" Shadreki anamukalipira. Koma sananene kuti wanama.

Mwana ndinaika m'manda kuno, mkazi ndinaika kuno, mano anathera kuno, ndipo ndikadali mlendo. Mtsikanayo sananame, ndicho chimandiwawa. Ana awonso ndinawaona tsiku lomwelo, miyendo ili ngati bango, wamng'ono akutafuna mango aawisi. Sindingakuuzeni kuti amalume anu ndi munthu woipa. Ndikanakonda akanakhala woipa, bwenzi ndikungomuda n'kumapeza tulo.

Ndinavula malaya n'kutoleramo masuku aawisiwo. Ine amene ndikudziwa kuti losakhwima silipsa, ine amene ndinakalipirapo ana a eni pa chimenechi, ndinawanyamula mpaka pankhokwe ndikukoka mwendo. Ndinakumba dzenje lako, Lute, masamba pansi, phulusa lofunda, zonse monga ankachitira ambuya ako, ndipo chizindikiro ndinaika mkanda wawo wofiira. Ndinapempheranso, nkhalamba yopusa, kupempha Mulungu apsetse zimene anthu athyola nthawi isanakwane. Patapita masiku ndinafukula. Anali akuda, onunkha, nyerere zokhazokha. Ndinatuma uthenga kwa amayi ogulitsa kumseu kuti andisungireko ngakhale a m'manja awiri. Anayankha kuti masuku anatha Disembala asanayambe, ndipo ochepa amene anali nawo ankawatenga kutali.

Panatsala malo amodzi. Mukaima pachulu paja mudzaona kankhalango kobiriwira pakati pa poyera ponsepo. Ndi kumanda, kokhako kumene nkhwangwa ikuopabe. Misuku ilimo, ndipo poti muli mthunzi, nayonso imachedwa. Sabata yathayi ndinapita ndi kadengu, dzuwa lili pamutu, n'kukaima m'mphepete. Ndinkaona manda a ambuya anu, masuku atagwera pamwamba pake, ena okhwima ali lende m'nthambi, fungo lake likundipeza pomwe ndinaima. Kunali kungolowa n'kutambasula dzanja. Koma za kumanda sadya, ana inu, ndipo sapatsa mwana. Komanso nkhalamba yobwera, yokhala yokha, ikaonedwa ikutuluka kumanda ndi dengu, mawa lake dzina lake ndi mfiti, ndipo nyumba ya udzu sichedwa kuyaka. Ndinawaitana ambuya anu ndi dzina lawo la pa utsikana, ndinawafunsa chochita. Munthu uja ankandiyankha ndisanamalize kufunsa, tsiku limenelo anali zii. Ndinabwerera ndi dengu lopanda kanthu.

Ndiye Lute, mdzukulu wanga, dzenje lako palibe. Ndazungulira nkhani yonseyi chifukwa mawu amenewa amakana kutuluka. Unabwera utachedwa ndi mwezi umodzi, ambuya ako anakudikira zaka, ndipo ine wotsala ndalephera kukusungira mtengo umodzi. Lira, palibe akuletsa, inenso ndinalira. Ukuti tibzale wina? Msuku si papaya, mwana wanga. Umafuna inzake pafupi, umakula pang'onopang'ono, ndipo pamene udzabale iwe udzakhala ndi mwana kumsana. Wokhala pansi pake ndi mpando kuulondera zaka zonsezo adzakhala ndani? Ine ayi, ndipo inu mawa mukukwera minibasi.

Amayi anu sindinawauzebe. Akuyesa kuti tikadya tipita tonse kunkhokwe, mwawamva akuimba kuseriko. Dzulo potsika galimoto anatsitsa thumba la malasha, ati nkhuni za kuno n'zonyowa ndipo utsi umawapweteka maso. Anandiuza akumwetulira: "Atate, nagula kumseu kuli bakazi ba Shadreki. Banipasa motchipa poti ndise banja, ati ni yamene bachosa manje manje mu chibili." Shadreki chibili chake nyengo ino ndi chimodzi chokha. M'mawa uno akukoleza mbaula ndinatola khala limodzi. Linali lopepuka, losweka m'zala, monga amakhalira malasha a msuku, amene kale panalibe wowafuna.

Nkhuku mukuimva kununkhirayo ikupsa pa Waulesi. Musawauze amayi anu mpaka adye. Nyamukani, kasambeni m'manja. Dalitso, kawauze afulumire ndi mpunga, malasha amenewo sachedwa kusanduka phulusa. Ine musandiikire mbale.